Agogo, ngongole ya voti yanu tikubweza ndife

Zikomo agogo. Zikomo amalume ndi azakhali, amayi ndi abambo athu, ndi inu mafumu amene mumatisunga. Tawomba m'manja, takhala pansi, ndipo tikupempha kuti mutimvere mpaka titsirize. Tinakula mukutiuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo sitikutsutsa. Koma nafenso tili ndi mawu amene agonera m'mitima mwathu zaka zambiri, moti tsopano atupa ngati chithupsa. Ndife ana anu ndi adzukulu anu. Ena tili pamudzi pompano, timapita nanu kumunda. Ena timapalasa kabaza pamsika. Ena tili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, masatifiketi ali m'chikwama, nsapato zatha ndi kufunafuna ntchito. Ena ali ku Joni, aja amakutumizirani kangachepe pafoni mwezi ukatha. Tonsefe dandaulo lathu ndi limodzi, ndipo likukhudza chala chanu chija amachipaka inki.

Tasankha kulankhula panopa chifukwa kunja kuli zii. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinadutsa, china chachikulu chili mu 2030, ndipo mitima yazizira. Nthawi ya kampeni sitimvana. Chimkuzamawu chikangolira pabwalo la sukulu, ng'oma n'kuyamba, mdzukulu akati atsegule pakamwa mumati, “Wakutuma ndani?” Lero palibe watituma. Sititchula chipani chilichonse, chifukwa khalidwe tikulidandaulali lilibe mtundu wa nsalu: taliona kwa olamula, taliona kwa otsutsa, taliona ngakhale kwa oima paokha. Musaganizenso kuti 2030 ndi kutali. Ofuna mipando sachedwa kuyamba kuonekera pamaliro ndi pa mpira wa anyamata, ndipo phungu kapena khansala akamwalira, chisankho chapadera chimangogwa mwadzidzidzi.

Tiloleni tikukumbutseni zimene tinaona ndi maso athu. Agogo aakazi, tsiku la msonkhano lija munadzuka kusanache, osaika kanthu kukamwa, n'kuyenda ndi ndodo mpaka kubwalo. Anakuuzani kuti bwana afika 10 koloko m'mawa, koma anafika dzuwa litapendeka. Tsiku lonse munali padzuwa, mukuimba, mukuvina ndi mawondo omwe aja mumatidandaulira usiku. Bwanayo atatha kulankhula, anyamata ake anakwera palole n'kuyamba kuponya nsalu m'mwamba, ndipo tinaona amayi athu, amene anatibereka ndi kutilera, akugwetsana m'fumbi, akukokerana chitenje mpaka kung'ambika pakati. Kenako anati mukhale m'magulu a anthu khumi khumi, gulu lililonse n'kulipatsa ndalama zoti mukagawane. Posintha ndalamazo panali mkangano, pogawana panali ndewu, ndipo pali mabanja awiri pamudzi pano amene mpaka lero sapalana moto chifukwa cha tsiku limenelo. Munafika kunyumba kutada, m'manja muli K2,000 ndi nsalu ya nkhope ya munthu amene sadziwa dzina lanu. Tinamva kuwawa, agogo. Mkwiyo wathu unali pa munthu amene anaona imvi zanu n'kuziyesa zotchipa chotero.

Usiku umenewo tinakhala pansi n'kuwerengera. Phungu akalowa ku Nyumba ya Malamulo amakhalako zaka zisanu, omwe ndi masiku 1,825. Mukagawa K2,000 ndi masiku amenewo mupeza kuti anakugulani pa kwacha imodzi patsiku. Ngakhale akanapereka K5,000, sizikanakwana makwacha atatu patsiku. Ndipo mukangomuika, simungamuchotse. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo akaona kuti sakuwatumikira, koma aphungu analichotsa mu 1995. Choncho cholakwika cha tsiku limodzi chimagona nafe m'nyumba zaka zisanu zathunthu.

Inu nomwe munatiphunzitsa kuti kupatsa n'kuika. Andale mwambi umenewu amaudziwa kuposa ife. Munthu amene wagulitsa nyumba, kapena wakongola kubanki ndi kwa amalonda akuluakulu, kuti agule nsalu mazanamazana, mafuta a magalimoto ndi zoika m'maenvulopu, sanataye chuma chake ayi. Waika, ndipo adzatapa. Uyu ndi katapila, agogo, kungoti wa katapila wa pamudzi amakuuzani chiwongola dzanja musanalandire, pamene uyu sanena. Ambiri amakatapa pa thumba la chitukuko cha m'dera lija la CDF, limene linayamba mu 2006 ndipo pofika 2024 linali pa K200 miliyoni pachaka m'dera limodzi. Amakatapa pa makontirakiti opatsa alamu awo ndi anthu amene anawakongoza. N'chifukwa chake mlatho wa pamtsinje wathu, umene anatilonjeza kuti ukhala wa simenti, timauwoloka uli wa mitengo ya bulugamu, ndipo mvula ikagwa ana a sukulu amabwerera panjira. N'chifukwa chake chipinda chophunziriramo chimang'aluka chaka chisanathe, ndipo mjigo umene anakumba mothamanga mwezi wa kampeni unauma masamba asanayoyoke.

Mwina mukuti, “Za boma n'za boma, ife zikutikhudza pati?” Boma lilibe munda, agogo. Ndalama zake ndi zija mumadulidwa mukagula mayunitsi a foni, malata kapena thumba la simenti. Ndi tikiti ya pamsika imene amayi amalipira asanagulitse ngakhale mulu umodzi wa tomato, ndi zimene amalume amadulidwa fodya akagulitsidwa ku okushoni, ndi ngongole zimene dziko limatenga kunja zoti adzabweze ana amene sanabadwe. Mu 2013 munamva pawailesi za Cashgate, pamene mabiliyoni a makwacha anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ena akupezeka ndi ndalama m'mabuti a magalimoto. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndipo amene anagona ndi ululu m'zipatala zopanda mankhwala anali anthu onga inu. Ndiye munthu akakupatsani K2,000 pabwalo, kawirikawiri akukupatsani chipalapasiro cha nkhuku yanu yomwe imene waiba usiku, inu n'kumuthokoza mutagwada.

Pali nkhani ina yovuta kuitchula, koma tiitchula: bokosi la maliro. Tikafunsa chimene mumamukondera phungu wakutiwakuti, yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti, “Amatithandiza pamaliro. Atamwalira mchemwali wanu anatumiza bokosi, galimoto ndi thumba la ufa.” Sitikunyoza. Tinalipo pasiwa, tikudziwa mmene mtima umakhalira thupi lili m'nyumba, m'thumba mulibe kanthu. Munthu amene wakugwira dzanja tsiku lotero sumuiwala. Koma tiloleni tifunse funso limene limatisowetsa tulo: mchemwali wathu uja chinamupha n'chiyani? Matenda a uchembere anamuyamba usiku. Pachipatala chaching'ono panalibe magetsi, namwino anali yekha, ambulansi inalibe mafuta. Tinamugoneka pangolo, msewu uli matope okhaokha, ndipo anatisiya tisanafike kuchipatala chachikulu. Galimoto imene inasowa usiku kuti imunyamule ali moyo, inapezeka m'mawa kuti imunyamule atafa.

Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza kapena kukana bajeti ya dziko, ndi kuimirira pamaso pa dziko lonse kufunsa nduna ya zaumoyo chifukwa chimene ambulansi ilibe mafuta. Kugula bokosi limodzi n'kotchipa kuposa kumenyera nkhondo mankhwala a dera lonse, ndiponso kumaoneka ndi anthu ambiri, poti pamaliro amalengeza dzina la wopereka chipepeso. Tikamamuyamikira chifukwa cha mabokosi, tikumuphunzitsa kuti imfa zathu zimamupindulira kuposa moyo wathu. Ndipo ndife tonse tinawazoloweza zimenezi, moti phungu amene angayese kugwira ntchito yake yeniyeni amagwa pachisankho chotsatira, mlandu wake uli wakuti sankaoneka pamaliro.

Tikulidziwa yankho lanu, amalume. Mumati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mumati, “Onsewa ndi amodzi, akapita ku Lilongwe sitidzawaonanso, bola tidyeretu.” Njala si nthano kwa ife. Munatisimbira za 2002, pamene anthu anadya gaga ndi mizu yakutchire chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Tinaona tokha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akukokolola nyumba ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo chaka chotsatira dzuwa linapsereza chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Munthu amene ana ake agona ndi njala masiku awiri sungamuuze kuti akane thumba la ufa iwe uli wokhuta. Sitikukuweruzani. Koma taonani bwino, amalume: wogula mavoti amaikonda njala yanu, ndiwo msika wake. Mukanakhala ndi chimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola, K2,000 yake mukanaiseka. Nanga munthu amene mpando wake ukudalira umphawi wanu, umphawiwo adzauthetsa bwanji?

Si zoonanso kuti onse ndi amodzi. Pachisankho chilichonse pamakhala wina, kaya mphunzitsi wopuma, kaya mayi amene wayendetsa bwino komiti ya sukulu ndi banki m'khonde, kaya mnyamata wophunzira wa konkuno, amene amabwera pa njinga alibe chogawa. Mumamumvetsera, mumavomereza kuti akunena zanzeru, kenako akachoka mumati, “Koma ndi wouma manja.” Tsiku lowerenga mavoti amapeza ochepa, n'kulumbira kuti sadzayesanso. Anthu abwino timawathamangitsa tokha, kenako n'kumadandaula kuti kwatsala akuba okhaokha.

Chinanso chimatiwawa ndi kuona zinthu zanu zomwe akuzisandutsa mphatso. Chimanga cha thandizo nthawi ya njala, ndalama za Mtukula Pakhomo zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, feteleza wotsika mtengo amene anayamba ndi makuponi mu 2005 n'kudzasanduka AIP mu 2020, zonsezi zimachokera ku misonkho ndi kwa mayiko ndi mabungwe othandiza. Palibe tambala imene imachoka m'thumba la munthu woima pansanja uja. Koma nthawi ya kampeni timamva akunong'oneza kuti, “Mukavotera uje, dzina lanu lichoka m'kaundula.” Azakhali, inu amene mukulera ana anayi a malemu muli nokha, tinakuonani mukunjenjemera ndi mawu amenewa. Kumeneko n'kuopseza, ndipo munthu woopseza mayi wamasiye sayenera kutsogolera ngakhale komiti ya mjigo.

Ndiye pali aja amayenda khomo ndi khomo madzulo atanyamula kope, kulemba manambala a chiphaso cha unzika ndi a kapepala kolembetsera voti, amati n'zoti mudzalandire ngongole kapena feteleza. Ena amatenga chiphasocho n'kupita nacho. Cholinga chawo n'choti mukhulupirire kuti adzadziwa pamene mwachonga. Tamverani, agogo: sangadziwe. Papepala lovotera palibe dzina lanu. M'kachipinda muja mulibe kamera, ndipo palibe mankhwala a sing'anga oonetsa chimene dzanja lanu lachita. Mukapinda pepala n'kuliponya m'bokosi limasakanikirana ndi mazana ena, ndipo amawerengera pamalo pomwepo, oimira zipani akuona. Ngati maso akuvuta, lamulo limalola kuti akuthandizeni munthu amene mwasankha nokha, choncho musalole kuti akubweretsereni mnyamata wa chipani. Chiphaso chanu chizikhala m'kachikwama kanu, monga mumasungira buku la kuchipatala.

Apa tivomere kulakwa kwathu. Zaka zapitazi ife tomwe tinkakuuzani kuti, “Landirani, ndi ndalama zanu zomwe, koma mukalowa m'kachipinda mukavotere amene mtima wanu ukufuna.” Tinkaona ngati ndi nzeru. Tsiku lina agogo aamuna anatiyankha mofatsa kuti, “Ndadya zake. Ndikakamukana kuseri, Mulungu sakundiona?” Tinasowa chonena. Tinazindikira kuti malangizo athu aja amagwira kwa munthu wa mitima iwiri, ndipo inu simuli otero. Munaleredwa kuti wakupatsa mchere umamukumbuka, ndi kuti lonjezo ndi ngongole. Ena a m'tauni amanena monyoza kuti anthu akumudzi amagulidwa chifukwa cha umbuli, koma ife taona kuti ogula mavoti amadalira ulemu wanu ndi chikumbumtima chanu. Atenga chinthu chokongola kwambiri mwa inu n'kuchipota kukhala chingwe chokumangirani. N'chifukwa chake lero tasintha mawu. Tikuti musalandire, kuti mukalowe m'kachipinda muja mulibe mangawa ndi munthu.

Ndipotu lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa wopikisana nawo pachisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipa K10 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu. Pali ofesi ya mlembi wa zipani yoyenera kulandira madandaulo otere. Vuto n'lakuti lamulolo linasiya mipata. Nsalu ndi matisheti a chipani limaziwerengera ngati zipangizo za kampeni, ndipo limalola kubweza ndalama za thiransipoti ndi kupereka chakudya pamisonkhano. Pamenepo ndi pamene amadutsira, mpaka munthu amene nyumba yake yayang'anana ndi bwalo amapatsidwa “ya thiransipoti”. Mipata imeneyo tidzalimbana nayo ife ndi opanga malamulo. Koma dziwani kuti munthu amene akukupatsirani ndalama usiku kuseri kwa nyumba akudziwa kuti akuswa lamulo, ndipo ndi yemweyo akupempha kuti mumutume kukapanga malamulo.

Mafumu athu, tikulankhula chogwada. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi umayang'ana kwa inu. Mukalandira envulopu n'kuuza anthu anu kuti “mudzi uno ndi wa uje”, kapena mukakaniza wina bwalo lochitirapo msonkhano, nkhalamba zambiri zimatenga mawuwo ngati lamulo, poopa kulandidwa munda kapena kuchotsedwa pamndandanda wa thandizo. Ufumu wanu unalipo zipani zisanabadwe, ndipo udzakhalapo zitatha. Musaubwereketse kwa munthu wa zaka zisanu. Bwalo lipatseni aliyense, ndipo mutilole tiwafunse mafunso pamaso panu. Za “wakwathu” tingonena mwachidule: mtengo wa feteleza sufunsa ngati ndinu Mchewa, Mlomwe, Myao, Mtumbuka, Msena kapena Mngoni, ndipo wakuba wa mtundu wathu amaba mankhwala a mtundu wathu womwe.

Sitikudziyeretsa. Ndife achinyamata amene timadzipaka penti thupi lonse n'kumathamangira magalimoto a andale chifukwa cha kabotolo ka mowa ndi malita awiri a petulo wa njinga yamoto. Ndife amene timatumidwa kukazula mbendera za ena, kukagenda msonkhano, nthawi zina kunyamula zikwanje kukatema mwana wa mnzanu amene tinaphunzira naye kalasi imodzi. Maenvulopu amene amafika kwa inu usiku amadzera m'manja mwathu. Ndipo ambiri a ife amene timalankhula kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp, tsiku lolembetsa tinali pa bawo, tsiku lovota tinagona, inu muli pamzere kusanache. Pamenepa mumatiposa, ndipo n'chifukwa chake tabwera kwa inu: voti imene imafikadi m'bokosi ndi yanu.

Koma zotsatira zake zimagwera kwambiri ife. Kalembera wa 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18. Ana savota, koma ndiwo amaphunzirira pansi pa mtengo, ndiwonso adzabweze ngongole za dziko. Ife takula tikuona kwacha ikugwa, mu 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza la m'sitolo linadutsa K100,000, ndipo tagonapo pamizere ya mafuta ndi njinga zathu, tsiku lonse osapeza ya ndiwo. Anzathu akuthawira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene amathithikana m'kachipinda kamodzi, kubisala apolisi, ena kutsekeredwa ku Lindela podikira kubwezedwa, ena kubwerera kuno ali m'bokosi. Ena anakwera ndege mu 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Amene ali kunjawo sangavote komwe aliko, tsogolo lawo analisiya m'manja mwanu. Sitikunena kuti K2,000 yanu ndiyo inagwetsa kwacha. Chimene tikunena n'chakuti phungu amene anagula mpando wake saopa munthu. Bajeti yoipa ikabwera amawomba m'manja, ngongole yosadziwika mutu wake amaivomereza, chifukwa akudziwa kuti zaka zisanu zikatha safunika kufotokoza kanthu. Angodzabwera ndi lole ina ya nsalu.

Chimene chimatipweteka koposa n'chakuti tikudziwa mtima umene inu muli nawo. Munatisimbira za nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi la chipani, pamene mayi woyembekezera ankamugulitsa khadi la mwana wosabadwa, pamene munkalankhula monong'ona m'nyumba mwanu momwe. Munatiuza za kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Malichi 1992, ndi mmene mitima inagundira tsiku limenelo. Pa 14 Juni 1993 munaima pamzere kusankha pakati pa tambala wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri, muli ndi mantha, osadziwa ngati mawa lake kudzacha bwino. Ena munasankha tambala, ambiri munasankha nyali, koma aliyense anatsata chimene ankakhulupirira. Anakulipirani zingati kuti mulimbe mtima tsiku limenelo, agogo? Ufulu wovotawu ife tinaulandira kwa inu ngati munda wa makolo, ndipo munda wa makolo inu nomwe munatiletsa kugulitsa.

Nafenso tili ndi chathu chimene tinaona. Chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, chija mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tippex, khoti linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, ndipo tinavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Mlanduwo uli mkati panapezeka munthu wachuma amene anayesa kuhonga oweruza asanu aja. Iwo anakana n'kukanena, ndipo mu 2021 khoti linamupeza munthuyo wolakwa. Kaya chigamulo cha chisankho chija munakondwa nacho kaya ayi, taganizirani ichi: oweruza anakana mamiliyoni poteteza pepala limene inu munaponya m'bokosi. Pepala lomwelo mungalisinthanitse ndi paketi ya mchere?

Pempho lathu si lalikulu. Akadzabwera ofuna mavoti, kaya mu 2030 kaya mawa, muwayalire mphasa monga mumachitira ndi mlendo aliyense, koma envulopu aibwezere m'thumba. Amene analipo kale mumufunse kuti ndalama za chitukuko za zaka zisanu zinagwira ntchito yanji, atchule mlatho, atchule mjigo, tinyamuke limodzi tikaone. Watsopano mumufunse kumene watenga ndalama zimene akumwazazo, ndi amene adzamubwezere. Mumufunse ngati anagonapo m'dera lino chisankho chili kutali, ndiponso ngati akadwala amapita kuchipatala chathu chomwechi. Khansala mumufunse za msika, za msewu ndi za zimbudzi za pasukulu, poti zimenezo n'za khonsolo. Sitikukuuzani woti mumuvotere. Mwina inu ndi ife tidzasiyana posankha, ndipo palibe cholakwika. Tikungofuna kuti mumuyese ndi nzeru zomwe zija mumayesera mkamwini asanalowe pakhomo. Mumafunsa kwawo, mumafufuza mbiri yake, mumaona ngati amagwira khasu, ndipo sitinaonepo mukupereka mwana wanu kwa munthu chifukwa choti tsiku lina anabwera ndi paketi ya shuga.

Ifenso tikulonjeza pamaso panu. Tidzalembetsa, tidzadzuka nanu m'mamawa, ndipo ofooka miyendo tidzakunyamulani ulere pa njinga zathu mpaka pamalo ovotera. Zimene zipani zalemba m'mamanifesito tidzakuwerengerani madzulo pakhonde, za zipani zonse, osadumpha ndi chimodzi chomwe. Maenvulopu awo sitidzawanyamuliranso. Ndipo ngati chimene chikukuvutani sabata ya kampeni ndi sopo, mchere kapena ufa wa phala, tiuzeni ife. Tidzapalasa kabaza, tidzagwira ganyu, a ku Joni adzatumiza, tidzagula. Ndi udindo wathu, ndife ana anu. Tagwira mwendo wanu, agogo: ndalama ya wandale musadzailandirenso.